Mwana wa achemwali amapanga mwaye ku Germany

Lolemba, 12 Meyi, Jena

Ndafika. Amene muli pafupi ndi achemwali ku Dowa muwauze kuti mwana wawo ndamupeza ali bwino, wanenepako, ndipo ufa uja wafika wonse, thumba silinabooke.

Ndinanyamuka ku Lilongwe dzulo masana, usiku n'kusintha ndege ku Addis Ababa, kukucha ndili ku Frankfurt. Kuchoka apo ndi sitima mpaka ku Erfurt, kenaka ina yaing'ono yodzera ku Weimar. Wotchi sindinaikhudze, poti miyezi ino nthawi ya kuno ndi ya kwathu n'chimodzimodzi. Chosokoneza ndi dzuwa. Pano 9 koloko yatsala pang'ono kukwana koma kunja kukadali kowala, ndipo thupi likukana kuvomera kuti kwada.

Ulendowu uli ndi mwini wake. Mtsikanayu ali m'chaka chachitatu cha maphunziro a udokotala, osati wa kuchipatala, wa sayansi, ndipo mayi ake sakumvetsa chimene amachita. Tsiku lotsazikana anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Achimwene, inu ndinu aphunzitsi, mukaone ndi maso anu. Ine ndikamufunsa pafoni amangoti akufufuza fumbi. Fumbi ife kuno latisowa?" Ndiye ndabwera ngati nthumwi. Ndaphunzitsa chemistry kusekondale zaka 19, koma ndiulule kuti nanenso chowayankha ndinalibe.

Jena ndi tauni yopanikizika m'chigwa cha mtsinje wa Saale, mapiri a miyala yotuwa uku ndi uku, pakati pali nsanja yaitali yozungulira ngati mgolo. Ndi kwawo kwa magalasi: Carl Zeiss anatsegula kashopu kake kuno mu 1846. Siteshoni ina ya sitima dzina lake ndi Paradies. Ine ndatsikira ina, ya Jena West. Paradaiso ndamuphonya ndi pang'ono.

Lachiwiri, 13 Meyi, Jena

Lero ndalowa mu labotale. Gulu lawo ndi la yunivesite ya Jena mogwirizana ndi Max Planck Institute for Astronomy ya ku Heidelberg, ndiye ndimayembekezera kupeza telesikopu. Mulibe. Muli zitsulo zonyezimira zomangidwa ndi mabawuti, mapaipi, mabotolo a gasi, ndi mapampu olira osalekeza ngati chigayo chapatali.

Asanandionetse makina anandikhazika pansi n'kuyamba kundiphunzitsa, ine amene ndinamuphunzitsa kulemba H2O. Pakati pa nyenyezi si popanda kanthu. Pali gasi, makamaka haidrojeni ndi heliyamu, womwazikana kwambiri moti pamalo aakulu ngati nsonga ya chala ungapezepo atomu imodzi yokha. M'gasimo mwasakanikirana timibulu tolimba, timene pa kulemera konse timangokwana gawo limodzi mwa magawo 100. Ndilo fumbi akunenalo. Koma mawu oti fumbi amasocheretsa. Fumbi la mumsewu wa kumudzi ndi miyala ikuluikulu poyerekeza ndi ili, limene kambulu kake kamafanana ndi ta mu utsi wa ndudu. Mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri, wina wa m'banja la mchenga, wina wa kaboni. Iye ali ku kaboni.

"Ndiye amalume, kaboni wouluka ndi utsi kwathu timati chiyani?"

"Mwaye."

"Basi mwamaliza. Mukawauze amayi kuti ndimapanga mwaye."

Mwaye wa kumwambawu umachokera ku nyenyezi zokalamba. Nyenyezi ikamatha mphamvu imatupa, kunja kwake n'kuzizira, n'kumalavula gasi. Mwa zina kaboni amachuluka kuposa okosijeni, ndiye wotsala osagwidwa ndi okosijeniyo amaundana, nyenyezi n'kumafuka ngati koloboyi amene chingwe chake chatalika. Anandionetsa chithunzi cha ina, IRC+10216, imene yadzikuta ndi mwaye wake womwe moti kuwala koonedwa ndi maso kumachita kuvutika kutulukamo.

Vuto lawo ndi loti kumeneko sungapiteko ndi supuni kukatapa. Chimene chimafika kuno ndi kuwala basi. Mukudziwa mmene dzuwa limakhalira mu Okutobala, anthu akatentha tchire, lofiira psuu nthawi yolowa isanakwane. Utsi umachotsa mbali ina ya kuwala n'kusiya ina. Fumbi la kumwamba limachita chimodzimodzi ndi kuwala kwa nyenyezi zimene zili kuseri kwake, ndipo chinthu chilichonse chimameza mitundu yakeyake. Ndiye a telesikopu amabweretsa chithunzi cha zimene zamezedwa, a labotale n'kumaphika mwaye wamitundumitundu, kuyeza zimene uliwonse ukumeza, n'kumafananitsa.

Apa ndinalakwa. Patebulo panali mphete ya kopa yonyezimira bwino, yotsekera polumikizira mapaipi, ine n'kuitola ndi dzanja kuti ndiione.

"Amalume, ayi!"

Mawu ake anali a mayi ake enieni. Mafuta a pachala ndi kaboni ndi haidrojeni, zomwezo zimene akufunafuna. Akalowa m'makina ochotsedwa mpweya amatuluka pang'onopang'ono n'kukaonekera pa zoyeza, munthu n'kumasangalala kuti wapeza za ku nyenyezi chikhalirecho ndi mafuta odzola a malume ake. Mphete ija anaiika pambali. Manja ndinawalowetsa m'thumba ngati mwana wa fomu 1, ndipo sanatulukemonso.

Kuphika kwake kuli chonchi. M'chipinda chachitsulo amaikamo kachidutswa ka graphite, chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, chomwenso akuchipeza pansi ku Malingunde ndi ku Kasiya. Amapopa mpweya wonse, n'kulowetsamo heliyamu pang'ono ndi haidrojeni. Tinavala magalasi oteteza maso, iye n'kuyatsa laser. Ikamenya, pamene yamenyapo pamatentha madigiri masauzande angapo, kaboni n'kusanduka nthunzi. Maatomu akewo akagundana ndi heliyamu amazizira n'kuyamba kugwirana. Timibulu topangikato timakokedwa kudzera pakabowo kupita m'chipinda china, kumene timakamatirira pakagalasi kofanana ndi ndalama yachitsulo. Tinadikira kupitirira ola. Atatulutsa kagalasi kaja panali kabanga kodera pang'ono chabe. Ndikanakapeza pazenera la kunyumba ndikanapukuta ndi malaya.

Kabanga kameneka ndiye amakawalitsa n'kuyeza. Pakhoma pali pepala la mzere wokwera pang'onopang'ono, pakati pake patatukuka linunda ngati la ng'ombe. Linunda limeneli, losonyeza mtundu wa kuwala umene fumbi la kumwamba limameza kwambiri, lili pa 217.5 nm (muyeso wa mtundu wa kuwala), m'kuwala kwa ultraviolet kumene maso saona ndiponso mpweya wa dziko lathu sukulola kudutsa. N'chifukwa chake Theodore Stecher anachita kulipeza ndi roketi mu 1965. Limaoneka pafupifupi kulikonse kumene angaloze mu Mlalang'amba wathu, pamalo omwewo osasuntha. Ambiri amavomereza kuti mwini wake ndi kaboni. Koma kaboni wake uti, graphite kapena mwaye kapena mamolekyu akuluakulu, mkangano ukadalipo patatha zaka 60.

Lachitatu, 14 Meyi, Jena

M'mawa wonse tinali pa zithunzi za maikulosikopu ya ma electron. Mwaye umene kwa ine ndi wakuda basi, pamenepa umaoneka ngati anyezi woduladula: timizere topindika, tina tozungulira totsekeka, tina tothyoka. Timizereto ndi mapepala a maatomu a kaboni olukana ngati zisa za njuchi.

Chinandigwira mtima ndi ichi. Gulu la kuno, motsogozedwa ndi Cornelia Jäger, linasonyeza mu 2009 kuti chotuluka chimadalira kutentha kwa moto. Kukapitirira 3500 K (pafupifupi madigiri 3200) pamatuluka timibulu ting'onoting'ono tozungulira ngati timipira. Kukakhala pansi pa 1700 K (pafupifupi madigiri 1400) pamatuluka mwaye wokulirapo pamodzi ndi mamolekyu athyathyathya amene amawatcha PAH. Ndinaseka, chifukwa wootcha makala aliyense ku Dzalanyama amadziwa kuti uvuni ukapsa mopitirira sutulutsa zofanana ndi umene wapsa modekha. Kusiyana kwake n'koti awa amalemba manambala.

Ma PAH amenewa timawadziwa ngakhale dzinalo sitilidziwa. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete m'sutikesi ndi naphthalene, wamng'ono mwa onse, wa mphete ziwiri. Ena ali mu utsi wa minibasi, ena pa nyama ya kanyenya yopserera. Ena mwa iwo amayambitsa khansa, ndipo achemwali amawapuma tsiku ndi tsiku m'khitchini mwawo mopanda zenera. Ichi sindinachinene mu labotale, koma chinandikhala kumtima tsiku lonse. Kumwamba ma PAH akawombedwa ndi kuwala kwa nyenyezi amanjenjemera n'kutulutsa infrared, kuwala kwinanso kosaoneka ndi maso, kumene pa zoyeza kumaoneka ngati mizere pa 3.3, 6.2, 7.7, 8.6 ndi 11.3 micrometre. Oyamba kunena kuti mizere imeneyi ndi yawo anali Léger ndi Puget ku France mu 1984, kenaka Allamandola, Tielens ndi Barker ku America mu 1985. Koma kutchula molekyu imodzi ndi dzina lake kunatenga nthawi yaitali. Mpaka mu 2021 ndi pamene telesikopu ya wailesi ya Green Bank inagwira cyanonaphthalene mumtambo wozizira wa TMC-1, umene uli chigawo chimodzi cha thambo ndi Nsangwe. Mankhwala a njenjete, kapena tinene m'bale wake, ali kumeneko.

Madzulo anandiperekeza ku planetarium ya Zeiss, imene inatsegulidwa mu 1926. Umakhala chagada pampando, magetsi n'kuzima, denga lonse n'kudzaza nyenyezi. N'zokongola, koma ndinakhala ngati mlendo pamaliro a eni: thambo lake linali la kuno. Ndinafunafuna Mtanda wa Kummwera osaupeza. Ku Germany suoneka. Ndiye ndinamunong'oneza kuti pambali pa Mtandawo pali chibanga chakuda bii m'kati mwa Mlalang'amba, chimene azungu amachitcha Coalsack, thumba la makala. Ndi mtambo wa fumbi lomweli, kuwala kumatenga zaka pafupifupi 600 kuchoka kumeneko. Anthu amene ali ndi makina sakuliona, ife amene timaliona usiku uliwonse wa Meyi makina tilibe.

"Ndikudziwa amalume. Munandionetsa ndinu ndili sitandade 7."

Ine ndinali nditaiwala.

Lachinayi, 15 Meyi, Jena

Mvula. Sindinatuluke. Madzulo taphika nsima ya ufa wa achemwali, ndiwo nyemba ndi kabichi. Potsuka ndinatembenuza poto mwachizolowezi kuti ndikwecheko kunsi. Kunali mbee. Sitovu ya magetsi. Munthu amene amalipidwa kuti apange mwaye, kunyumba kwake ulibe ndi kadontho komwe.

Tikudya anakonza zimene anandiuza Lachiwiri, zoti fumbili sungalitape. Lina limabwera lokha. Miyala ina yogwa kuchokera kumwamba, monga umene unagwa ku Murchison ku Australia pa 28 Sepitembala 1969, imasunga timibulu timene tinalipo dzuwa lisanabadwe. Mu 1987 gulu la Edward Anders ndi Roy Lewis ku Chicago linasungunula zidutswa za miyala yotere mu asidi mpaka kutsala kanyenyeswa, ndipo m'menemo munali timadayamondi. Musathamangire khasu, kamodzi kali ndi maatomu masauzande ochepa chabe. Pambuyo pake anapezanso ta silicon carbide ndi ta graphite. Amatizindikira chifukwa kuno kwathu pa maatomu 89 aliwonse a carbon-12 pamakhala imodzi ya carbon-13, kaboni wolemererapo pang'ono, koma m'timibuluti chiwerengerocho chimaphonya kutalitali. Tina ta ku Murchison anatiyeza kuti tili ndi zaka pafupifupi 7 biliyoni. Dzuwa lili ndi 4.6.

Lachisanu, 16 Meyi, Heidelberg

Watenga tchuthi kuti andiyendetse. Sitima zitatu, minda ya maluwa achikasu, ine ndikuodzera. Tafika masana.

Alendo ena onse amabwera kuno kudzaona chinyumba chachifumu chogumuka chimene chili paphiri pamwamba pa mtsinje wa Neckar. Ine ndinali ndi munthu wanga. Mumsewu wa Hauptstraße muli chiboliboli cha Robert Bunsen, ndipo ndinaima patsogolo pake nditavula chipewa. Zaka 19 ndakhala ndikujambula Bunsen burner pabolodi, ana n'kumaloweza bowo la mpweya ndi mitundu ya lawi, chikhalirecho kusukulu kwathu gasi anatha kalekale ndipo timatenthetsa ndi kanyali ka sipiriti.

Ndili chiimire pomwepo ndinazindikira chinthu chimene ndakhala ndikuchiphunzitsa osachiona. Ukatseka bowo la mpweya lawi limakhala lachikasu ndipo limadetsa botolo. Chikasucho ndi mwaye wotentha ukuwala. Ukatsegula, mwaye umapsa wonse, lawi n'kukhala lobiriwira pang'ono, losaoneka bwino. Bunsen ankafuna lawi lotere kuti akaikapo mchere mtundu wa mcherewo uoneke wokha. Tsidya lina la msewu kuli nyumba yotchedwa Haus zum Riesen, ndipo chikwangwani cha pakhoma chimakumbutsa kuti mu 1859 Gustav Kirchhoff, ali m'menemo, anatenga njira imene anapanga ndi Bunsen n'kuilozetsa ku dzuwa ndi nyenyezi. Anamwaza kuwala kukhala utawaleza, n'kuona kuti mizere yakuda ya m'kuwala kwa dzuwa ikugwera pamalo omwewo pamene pamagwera mizere yowala ya sodium palawi. Ndi njira yomweyo awiriwa anatulukira caesium mu 1860 ndi rubidium mu 1861. Ntchito yonse ya mwana wa achemwali inayambira mumsewu uno. Anayamba ndi kuthamangitsa mwaye palawi, adzukulu awo akuufunafuna ndi laser.

Chakudya chamadzulo chinali katsitsumzukwa woyera, poti ndi nyengo yake ndipo anthu a kuno amamulemekeza ngati ife chimanga chachiwisi. Ndadya mwaulemu.

Loweruka, 17 Meyi, Heidelberg

Takwera phiri la Königstuhl pa kasitima kokokedwa ndi chingwe. Pamwamba pali malo akale oonera nyenyezi, a mu 1898, kumene Max Wolf ankajambula thambo n'kumawerenga nyenyezi m'zigawo zakuda ndi zowala. Iye ndi Edward Barnard wa ku America ndi amene anathandiza kutsimikiza kuti zibanga zakuda za mu Mlalang'amba si mabowo, koma mitambo yophimba. Pafupi pomwepo pali Haus der Astronomie, nyumba yomangidwa mopindika ngati mlalang'amba.

Potsika tinakwera basi yodutsa m'nkhalango, ndipo anandilozera msewu wopita ku Max Planck Institute for Nuclear Physics. Lero n'Loweruka, sitinalowe. Koma nkhani ya pamenepo ndi imene ndikawafotokozere ana anga a fomu 4, ndiye ndiilemba yonse.

Cha m'ma 1982 ndi 1983, Wolfgang Krätschmer wa pamenepo ndi Donald Huffman wa ku University of Arizona ankafuna kudziwa mwini wa linunda lija la 217.5 nm. Makina awo anali osavuta: timitengo tiwiri ta graphite togundana nsonga, magetsi amphamvu, heliyamu pang'ono m'chibotolo chagalasi. Ankatapa mwaye n'kuuyeza. Nthawi zina m'malo mwa linunda limodzi pankatuluka malinunda owonjezera, ndiye mwaye umenewo anaupatsa dzina loti ngamila. Anakayikira kuti ndi zonyansa zolowerera, monga mafuta a pampu, n'kuuika pambali. Nditamva apa ndinakumbukira mphete ya kopa ija, ndipo ndinamukhululukira mtsikanayu pondikalipira.

Mu Sepitembala 1985, ku Rice University ku Houston, Harry Kroto wa ku Sussex anapita kwa Richard Smalley ndi Robert Curl. Nayenso mtima wake unali ku nyenyezi zofuka zija, ankafuna kuona ngati maunyolo aatali a kaboni angapangike m'malo otere. Atamenya graphite ndi laser, makina ankangosonyeza nambala imodzi mouma khosi: maatomu 60. Anaganiza kuti maatomuwo atsekana kukhala mpira, zigamba 12 za ngodya zisanu ndi 20 za ngodya zisanu ndi imodzi, ndendende mpira wachikopa wakale wa zigamba zakuda ndi zoyera. Anautcha buckminsterfullerene, C60. Koma anali nawo wochepa kwambiri, wosaoneka ngakhale ndi maikulosikopu, ndipo ena ankati ndi nthano.

Huffman ndi amene anayamba kuganiza kuti mwina ngamila ija ndi mpirawu. Ku Heidelberg anayezanso mwayewo ndi infrared n'kupeza mizere inayi, chiwerengero chimene masamu ankanena kuti mpira wotere uyenera kukhala nacho. Pofuna kutseka pakamwa onena za mafuta a pampu, wophunzira wina, Kostas Fostiropoulos, anapanga timitengo ta carbon-13. Mizere inasuntha ndi mlingo woyenera, kusonyeza kuti ndi kaboni yekhayekha wochokera m'timitengoto. Mu Meyi 1990 anathira mwayewo mu benzene. Madziwo anafiira, ndipo atauma panatsala timiyala tonyezimira. Mtundu watsopano wa kaboni, pambali pa dayamondi ndi graphite, unali patebulo woti munthu n'kuutapa. Lipoti lawo linatuluka mu Nature mu Sepitembala 1990, Lowell Lamb ali mmodzi mwa olemba anayiwo, ndipo pasanapite nthawi malabotale a dziko lonse anali akuphika.

Mphoto ya Nobel ya 1996 inapita kwa Curl, Kroto ndi Smalley. Malamulo ake salola anthu opitirira atatu. Ine monga mphunzitsi wochonga mayeso ndikuti pamenepa panalakwika: woona nyama m'tchire ndi wobwera nayo pamudzi onse ndi alenje. Ndipo funso limene Krätschmer ndi Huffman ananyamukira, la linunda lija, C60 sanaliyankhe. Anapita kokasaka gwape n'kubwerako ndi njovu, gwape akadali m'tchire.

"Gwape ameneyo ndi amene ndikumusaka ine, amalume," anatero tikutsika basi.

Lamulungu, 18 Meyi, Basel

Ulendo wa tsiku limodzi kulowa mu Switzerland. Mashopu otseka, mabelu a matchalitchi, ndipo mtengo wa kapu ya tiyi ndinausintha m'makwacha kamodzi kokha n'kulumbira kuti sindibwerezanso. Tawoloka Rhine pa kabwato kopanda injini. Kamamangidwa kuchingwe chodutsa pamwamba pa mtsinje, woyendetsa amangokapendeketsa, madzi okha n'kumakakankha. A kumadoko a Shire abwere adzaone.

Tinabwerera nkhani ya mtsikana wina. Mu 1919 Mary Lea Heger, wophunzira pa Lick Observatory ku California, anaona mizere iwiri yachilendo m'kuwala kwa nyenyezi, ndipo anailemba mu 1922. Pambuyo pake zinadziwika kuti siichokera ku nyenyeziyo koma ku zinthu za panjira. Lero mizere yotere yodziwika ndi yopitirira 500. Kwa zaka zoposa 90 panalibe ndi umodzi womwe umene mwini wake anadziwika.

Mu 1994 Bernard Foing ndi Pascale Ehrenfreund anapeza ina iwiri pa 957.7 ndi 963.2 nm, n'kunena kuti mwina ndi ya C60 amene wataya electron imodzi. Ankadalira zimene John Maier wa pa yunivesite ya Basel anayeza ataumitsa molekyuyo mu neon. Koma neon amasuntha mizere pang'ono, ndipo pa mlandu uwu pang'ono pomwepo m'pokwanira kuti mboni ikanidwe. Pankafunika kuyeza molekyu ili yokha, ikuyandama, yozizira ngati kumwambako. Zinawatengera zaka zina 21. Anamanga msampha wa timitengo tachitsulo 22 wogwira mamolekyu ndi mphamvu ya magetsi, n'kuwaziziritsa mpaka pafupifupi 6 K, kutanthauza madigiri 267 pansi pa ziro. Pozizira chotere atomu ya heliyamu imamatirira pampirawo mofooka. Akawalitsa laser ya mtundu woyenera mpira umameza kuwalako, heliyamu n'kugwa, iwo n'kuwerenga kuti agwa angati. Mu 2015 Ewen Campbell, Mathias Holz, Dieter Gerlich ndi Maier analengeza kuti manambala agwirizana. Telesikopu ya Hubble inatsimikiza mu 2019. C60 wosataya kanthu anali atapezeka kale mu 2010 ndi Jan Cami ndi anzake, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Spitzer, mumtambo wa Tc 1, umenenso uli kuthambo la kummwera, lathu.

Tinakhala pamasitepe a m'mbali mwa mtsinje tikudya buledi wathu wochoka naye ku Heidelberg. Ndinamufunsa ngati sizimufoola, kuti mwa mizere 500 yodziwika eni ake ndi yowerengeka pa dzanja limodzi, ndipo munthu atha kukalamba asanapeze kanthu.

"Zimandifoola mu Febuluwale, kukamada 5 koloko," anatero. "Koma amayi amadzala chaka chilichonse osadziwa ngati mvula ibwere. Inu mumawafunsa?"

Sindinawafunsepo.

Loweruka, 24 Meyi, Dowa

Masiku apakatiwa anali a masutikesi ndi mabwalo a ndege, palibe cholemba. Ndafika kumudzi masana ndi katundu amene mwana watumiza: juzi, mankhwala opaka m'mawondo, ndi chithunzi chake atavala magalasi a laser, chimene achemwali achiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

Anadikira mpaka tadya. Kenaka, "Eya achimwene, mwaona chiyani?"

Ndinali nditakonza mawu m'ndege monse, koma ndinangowapempha poto amene anaphikira nyemba. Ndinamutembenuza, n'kudutsitsa chala kunsi kwake, n'kuwaonetsa. Kenaka tinatuluka pabwalo. Mwezi kunalibe, kunkazizira, Mtanda uli pamwamba pa mtengo wa mango wa kumunda. Ndinawalozera chibanga chakuda cha pambali pake. Anati amachidziwa, ankangoti ndi pamene nyenyezi sizinamere. Ndinawauza kuti nyenyezi zilipo kuseri, chaziphimba ndi fumbi, ndipo lina mwa fumbilo ndi m'bale wake wa ichi chili pachala changachi. Mwana wawo amapanga chake m'makina kuti adziwe kuti cha kumwambacho n'chotani.

Anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana chala changa, n'kuyang'ananso kumwamba.

"Ndiye mtedza wanga wonse uja ndinagulitsa kuti mwana akwere ndege kukapanga mwaye?"

"Eya achemwali."

"Amamulipira?"

"Amamulipira."

Anakhala chete pang'ono. Kenaka anati ndimuuze kuti kudenga la khitchini kuli wa zaka 20, wolendewera ngati ndevu, akabwera pa Khirisimasi adzatenge ulere, asamavutitse makina a eni ake. Anandilanda poto uja, n'kutapa phulusa ndi mchenga, n'kukhala pansi pakhonde kuyamba kukwecha.